Fangasi wa matenda a mbewu akavuta m'labotale, yambani mwakayikira shuga

Mwachotsa fangasi pa tsamba lodwala kapena pa muzu wowola, mwamuika m'mbale, ndipo sabata yoyamba wamera mosangalatsa. Kenako makani ayamba. Mbale ya Lolemba yadzaza, ya Lachinayi sikusuntha, chonsecho fangasi ndi yemweyo. Ma spore, tinjere take toberekanira, amene mumafuna kuti mukapatsire mbewu matenda sakutuluka. Enzaimu imene mabuku amati fangasi ameneyu amapanga sikupezeka. Mankhwala amene kumunda amamugonjetsa, m'mbale sakumuchita kanthu. Zikatere ambiri amathamangira kunena kuti mbale zalowa tizilombo tina kapena inkyubeta yafa, ndipo nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma ine ndimayamba ndafunsa kuti: munaikamo shuga wanji, wochuluka bwanji, ndipo anadutsa pa moto wotani asanafike kwa fangasiyo? Mavuto ambiri obwerezabwereza amathera pa mafunso amenewa.

Kuti zotsatirazi zimveke, tikumbutsane kaye kadyedwe kake. Fangasi alibe pakamwa, komanso sadzipangira chakudya ndi kuwala kwa dzuwa monga imachitira mbewu. Amatulutsa maenzaimu kunja kwa timaulusi take, maenzaimuwo amaduladula chakudya, iye n'kumayamwa tizidutswato. Shuga amene amayenda kwambiri m'mitsempha ya mbewu ndi sucrose, ndipo mafangasi ambiri amamudula pakati ndi enzaimu ya invertase kuti patuluke glucose ndi fructose. Makoma a maselo a mbewu, omangidwa ndi cellulose, hemicellulose ndi pectin, nawonso ndi shuga, kungoti ndi wolumikizana m'maunyolo ataliatali ofuna maenzaimu awoawo kuti aduke.

Glucose akalowa m'selo, enzaimu ya hexokinase imamumata phosphate, ndipo amayamba ulendo wa masitepe 10 wotchedwa glycolysis. Pothera pake molekyu limodzi la glucose, la makaboni 6, limakhala litasanduka mamolekyu awiri a pyruvate a makaboni 3, ndipo phindu lake ndi ATP 2 basi. ATP ndiye mafuta amene selo limayendera. Phindu lalikulu lili kutsogolo: pyruvate amalowa mu mitochondria, tizigawo ta selo topangira mphamvu, n'kuzungulira m'njira imene Hans Krebs anailongosola mu 1937, ndipo maelekitironi otengedwa mmenemo amapatsiranidwa pa mndandanda wa mapuloteni mpaka kukafika pa okosijeni. Apa m'pamene glucose mmodzi amabala ATP pafupifupi 30. Palinso kanjira kapambali kotchedwa pentose phosphate, kamene kamapanga NADPH. Imeneyi ndi imene fangasi amadzitchinjiriza nayo mbewu ikayamba kumuthira hydrogen peroxide podziteteza.

Chimene ambiri amaiwala n'chakuti kwa fangasi shuga ndi uthenganso. Glucose akachuluka, fangasi amamva kuti akhale phee n'kumanenepa. Akasowa, amamva kuti atulutse zida zoswera khoma, kapena abereke ma spore asanafe ndi njala. Mukalakwitsa shuga ndiye kuti mwasintha khalidwe lonse la fangasiyo, osati liwiro la kameredwe lokha.

Chakudya chatuluka mu autoclave chili chodera

PDA, chakudya chimene pafupifupi labotale iliyonse imayambira, ndi msuzi wa mbatatesi zolemera magalamu 200, glucose magalamu 20 ndi agar, ufa wolimbitsa msuziwo, magalamu 15 pa lita imodzi. Ya ufa yogula ija nthawi zambiri imasungunulidwa magalamu 39 pa lita. Ikaphikidwa mu autoclave, makina ophera tizilombo ndi nthunzi yotentha, pa madigiri 121 kwa mphindi 15 imatuluka yachikasu pang'ono. Ikatuluka yofiirira, yapserera. Glucose akatenthedwa nthawi yaitali pamodzi ndi ma amino asidi kapena phosphate amasweka n'kupanga zinthu zina, kuphatikizapo za m'gulu la furfural, zimene zimachedwetsa fangasi ndi kulepheretsa ma spore kumera. Kawirikawiri wolakwa si makina ayi, ndi ife. Timasiya mabotolo mu autoclave yotentha mpaka mawa lake, kapena timasungunula chakudya chomwecho kachiwiri ndi kachitatu pomva chisoni kuchitaya. Tayani. Ufa wa PDA ndi wotsika mtengo poyerekeza ndi masabata awiri a ntchito yopanda mutu.

Fructose ndi xylose sapirira kutentha ngati glucose, amayamba kudera msanga. Sucrose ali ndi chinyengo chakechake: akaphikidwa m'madzi a asidi, gawo lina limaduka lokha kukhala glucose ndi fructose, mtundu wa chakudya osasintha n'komwe. Inu mudzalemba m'buku kuti fangasi wanu amadya sucrose bwino, pamene iye amangodya zomwe autoclave inamudulira kale.

Njira yake ndi yopatula. Sungunulani shuga payekha m'madzi oyera, mwachitsanzo magalamu 20 pa mamililita 100, mumusefe ndi sefa ya 0.22 micrometre, ndipo mumuthire m'chakudya chophika kale chikazizira kufika pa madigiri pafupifupi 50, pamene botolo mungaligwire m'manja koma agar asanayambe kulimba. Ngati sefa palibe, phikani shugayo mu autoclave m'botolo lakelake, wopanda mchere wina uliwonse kapena nayitrojeni. Lactic asidi amene anthu amathira pofuna kuletsa mabakiteriya nayenso athiridwe pambuyo pophika, chifukwa agar akatenthedwa mu asidi amakana kulimba ndipo mbale zimangokhala phala.

Akumera pa shuga aliyense, ngakhale pomwe palibe shuga

Limeneli ndi vuto la ofuna kudziwa shuga amene fangasi amamukonda. Mwakonza mbale za glucose, maltose, lactose, xylose, mwayeza kutambalala kwa fangasi pa tsiku lachisanu, ndipo zonse zikufanana. Nthawi zina ya lactose ndi imene yatambalala kuposa ya glucose.

Choyamba, rula imanama. Fangasi wanjala amathamanga: amaponya timaulusi topyapyala kutali pofunafuna chakudya, ndipo mbale imadzaza msanga ndi ukonde wosaoneka bwino. Wokhuta amakhala pomwepo n'kumachindikala ngati thonje. Kutambalala si kukula. Yang'anani mbale moyang'anizana ndi kuwala muone kuchindikala kwake, koma ngati mukufuna nambala yodalirika, mumeretseni m'chakudya chamadzi, mumusefe, mumuumitse mu uvuni mpaka kulemera kwake kusiye kusintha, n'kuyeza pa sikelo.

Chachiwiri, kachidutswa kamene mwadzala kanabwera ndi kamba wake. Kachidutswa ka PDA kali ndi glucose wokwana kudyetsa fangasi masiku oyamba, ndipo timaulusi tomwe timasunga glycogen, trehalose, mannitol ndi mafuta. Mudutsitseni kaye pa agar wa madzi okha, n'kutenga kachidutswa kakang'ono m'mphepete momwe akumera kumene. Kapena dzalani ma spore otsukidwa kawiri m'madzi ophitsa. Agar yemweyo sakhala woyera kotheratu, amakhala ndi tizakudya tochepa tokwana kumeretsa ukonde wopyapyala. N'chifukwa chake mbale yoyerekezera, ya zonse kupatula shuga, si yosankha kuikapo kapena ayi. Popanda imeneyo palibe chomwe mungamasulire.

Mukamayerekeza mashuga osiyana, muwafananize pa kuchuluka kwa kaboni, osati pa kuchuluka kwa mamolekyu. Molekyu la sucrose lili ndi makaboni 12, la glucose 6, la xylose 5. Ndipo musadabwe xylose akayamba mochedwa, chifukwa salowa mu glycolysis mwachindunji. Amayenera asandutsidwe kaye xylitol, kenako xylulose, n'kulowera ku kanjira ka pentose phosphate kaja, ndipo maenzaimu a ntchito imeneyi fangasi amawapanga akaona xyloseyo. Kuyeza tsiku limodzi lokha kumabisa zonsezi.

Maenzaimu oswa khoma sakuoneka

Apa m'pamene anthu ambiri amataya miyezi. Mukufuna kuonetsa kuti fangasi wanu amapanga pectinase kapena cellulase. Mwaika pectin m'chakudya, koma poopa kuti fangasi angamere mochedwa mwawonjezera glucose pang'ono kuti ayambirepo. Wamera bwino zedi, enzaimu palibe.

Fangasi sawononga mphamvu zake pachabe. Glucose akakhalapo, puloteni yotchedwa CreA, imene m'mafangasi ena imatchedwa Cre1, imakakhala pa DNA n'kutseka majini opangira maenzaimu a chakudya chovuta. Dzina la mchitidwe umenewu ndi carbon catabolite repression. Nzeru yake ndi yosavuta kumva: angavutikirenji kuswa cellulose pomwe chakudya chofewa chili pakhomo? Glucose akatha, puloteni ina yotchedwa Snf1 imathandiza kutsegulanso majini aja. Umboni wa kufunika kwake ku matenda unaoneka mu Cochliobolus carbonum, fangasi wa chimanga: atamuchotsera jini ya Snf1, maenzaimu oswa khoma anachepa ndipo mphamvu yake yodwalitsa mbewu inatsika.

Choncho ngati mukufuna enzaimu, gawani ntchito pawiri. Mumeretseni kaye m'chakudya cha glucose kwa masiku awiri kapena atatu kuti achuluke. Kenako mumusefe, mumutsuke bwinobwino ndi madzi ophitsa kapena madzi a mchere opanda shuga, n'kumusamutsira m'chakudya chimene kaboni wake ndi pectin yekha, xylan yekha kapena cellulose yekha. Tengani madziwo pa nthawi zosiyanasiyana, chifukwa enzaimu imakwera kenako n'kutsika. Pali ndi msampha wina wobisika. Enzaimu ikagwira ntchito mwachangu kwambiri, shuga wotuluka m'maunyolomo amaunjikana n'kutsekanso majini omwe aja. Kuchulutsa pectin kapena starch sikuti nthawi zonse kumachulutsa enzaimu. Ndipo yeast extract kapena malt extract wambiri m'chakudya amabweretsa chakudya chofewa mwakachetechete, inu mukuganiza kuti simunaikemo shuga.

Kayezedwe nakonso kamapusitsa. Njira yofala yoyezera shuga wotulutsidwa ndi enzaimu, yotchedwa DNS, imene imawerengedwa pa 540 nanometre, imaona mashuga amene ali ndi nsonga yomasuka monga glucose, fructose, xylose ndi maltose. Glucose wotsalira m'madzi amene mwatenga amakweza nambala enzaimu isanagwire ntchito iliyonse. Nthawi zonse khalani ndi chubu china chimene enzaimu yake mwaipha poiwiritsa, n'kuchotsera nambala yake. Sucrose ndi trehalose DNS siiwaona konse mpaka atadulidwa, ndiye wina akayeza chakudya cha Czapek-Dox, chimene chili ndi sucrose magalamu 30 pa lita, amadabwa kupeza ngati mulibe shuga.

Apa ndionjezere kanthu kena kosangalatsa. Si mafangasi onse amadulira sucrose panja. Ustilago maydis, woyambitsa zotupa zakuda zija pa zisononkho za chimanga, ali ndi puloteni yotchedwa Srt1 imene imalowetsa sucrose wathunthu m'selo. Zimamuthandiza chifukwa glucose womwazikana pakati pa maselo a tsamba amatha kudzutsa chitetezo cha mbewu. Kusapeza glucose m'madzi a fangasi wanu si umboni woti sakudya sucrose. Yezani sucrose yemweyo muone ngati akuchepa.

Pa PDA amamera, pa chakudya cha mchere ndi shuga wokha amakana

Musafulumire kunena kuti shugayo samudya. Mwina akusowa vitamini. Mbatatesi zimabweretsa mavitamini mosadziwika, pamene chakudya chosakaniza nokha kuchokera m'mabotolo a mankhwala chilibe. Magnaporthe oryzae, woyambitsa matenda a blast pa mpunga, amafuna thiamine ndi biotin kuchokera kunja. Ndipo ziwirizi zili pa mphambano yeniyeni ya nkhani yathu: popanda thiamine, enzaimu yolowetsa pyruvate m'njira ya Krebs siigwira ntchito, ndipo popanda biotin, enzaimu yobwezeretsa zipangizo za m'njira yomweyo imaima. Shuga akhoza kudzaza mbale, fangasi n'kufa ndi njala. Muthiremo mavitaminiwo pang'ono chabe, osefa osati ophika, muone kusintha kwake.

Ena sadzamera ngakhale mutatani. Mafangasi a dzimbiri la masamba ndi a nkhungu yoyera ngati ufa ija amadya kudzera m'tizipangizo totchedwa haustoria timene amalowetsa m'selo lamoyo la mbewu, ndipo amameretsedwa pa mbewu yamoyo. Phytophthora nayenso si fangasi weniweni ngakhale amaoneka ngati fangasi. Phytophthora infestans wa chiwawu cha mbatatesi amamera movutikira pa PDA, amafuna chakudya cha rye kapena cha nsawawa.

M'flask mukununkha mowa, kapena kameredwe kaima mwadzidzidzi

Fungo la mowa likutanthauza kuti okosijeni wachepa. Pyruvate akalephera kupita njira ya mitochondria, mafangasi ena, monga Fusarium oxysporum, amamusandutsa ethanol kuti glycolysis isaime. Shuga amatha msanga, fangasi osakula molingana naye, popeza akungopeza ATP 2 pomwe akanapeza pafupifupi 30. Chifukwa chake nthawi zambiri ndi flask yodzazitsa. Flask ya mamililita 250 ikhale ndi mamililita 50, igwedezedwe, ndipo kukamwa kwake kutsekedwe ndi thonje lopitisa mpweya osati chivindikiro chomanga. Fangasi akaundana m'timibulu tikulutikulu, pakati pa kambulu pamasowa mpweya ngakhale flask ikugwedezeka. Kudzala ma spore ambiri kumapangitsa timibulu kukhala tating'ono.

Ngati fungo palibe koma kukula kwaima shuga akadalipo, yezani pH, muyeso umene umatsika asidi akachuluka. Sclerotinia sclerotiorum ndi Botrytis cinerea amapatutsa gawo la kaboni wochokera ku shuga n'kupanga oxalic asidi, ndipo Penicillium expansum, wowoletsa maapulo, amasandutsa glucose kukhala gluconic asidi. M'mbewu asidiyu ndi chida, amafewetsa khoma ndi kuthandiza pectinase. M'flask yopanda chotetezera pH amatha kutsitsa pH ya madzi mpaka fangasi yemweyo n'kuvutika. Pa mbale mungamuone ndi maso mukathira bromophenol blue, amene amasintha kuchoka ku buluu kupita ku chikasu pH ikatsikira ku 3. Colletotrichum amachita zosiyana malinga ndi shuga: shuga akachepa fangasiyu amadya ma amino asidi n'kutulutsa ammonia, pH n'kukwera, ndipo akachuluka amatsitsa pH. Anthu awiri akhoza kukangana za fangasi mmodzi, wina akuti amakweza pH wina akuti amatsitsa, onse akunena zoona, kusiyana kuli pa magalamu a shuga amene anaika. Ikanimo buffer yoyenera yoteteza pH kuti isasinthe, ndipo lembani pH ya pa chiyambi ndi ya pa mapeto nthawi zonse.

Thonje lambiri, ma spore palibe

Fangasi wokhuta sabereka mwachangu. Fusarium pa PDA amaoneka wokongola, wa mitundu yowala, koma ma spore ake akuluakulu amene amathandiza kuzindikira mtundu wake amachepa kapena amatuluka opindika mosadalirika. N'chifukwa chake odziwa Fusarium amamusamutsira pa chakudya chosauka. Mwachitsanzo, chakudya cha SNA chili ndi glucose magalamu 0.2 ndi sucrose magalamu 0.2 okha pa lita, poyerekeza ndi magalamu 20 a PDA. Ena amaika tizidutswa ta masamba a duwa la carnation pa agar wa madzi. Fusarium graminearum amabereka bwino m'madzi a CMC, mtundu wa cellulose wosungunuka, kapena msuzi wa mphodza zobiriwira zotchedwa mung. Alternaria amachita bwino pa chakudya chopepuka cha mbatatesi ndi karoti kapena cha msuzi wa ndiwo zamasamba wotchedwa V8. Onsewa mfundo ndi imodzi, kumuchepetsera shuga wofewa. Onjezani kuwala kwa maola 12 ndi mdima wa maola 12, ndipo masulani Parafilm yomatira mbale, chifukwa mbale yomatidwa zolimba imasunga carbon dioxide amene fangasi akupuma, ndipo mitundu yambiri siibereka m'mpweya wotero.

Choopsa kwambiri ndi chimene chimabwera pang'onopang'ono. Fangasi wosamutsidwa kuchoka pa PDA kupita pa PDA mwezi ndi mwezi amayamba kusintha. Mumaona mbali ina ya mbale ikumera mosiyana, ngati chigawo chodulidwa ndi mpeni, yoyera kwambiri kapena yonyowa ngati mamina. Pa chakudya cha mwanaalirenji chotere, amene amapambana ndi timaulusi tokula msanga pa glucose, osati todziwa kudwalitsa mbewu, ndipo inu mukatenga kachidutswa pa mbali yooneka yamphamvuyo mukusankha omwewo. Pakatha chaka mumapopera mbewu, mbewu osadwala. Kubweza zimenezi n'kovuta. Ena amamudwalitsa pa mbewu n'kumuchotsanso, zimathandiza nthawi zina koma si nthawi zonse. Chanzeru ndi kusunga msanga, fangasi akangochoka ku mbewu: kuchokera ku spore imodzi, mu glycerol wa 15 peresenti pa madigiri 80 pansi pa ziro, kapena pa pepala losefera louma m'firiji yoziziritsa kwambiri. Ntchito iliyonse yatsopano iyambire kumeneko.

Ma spore alipo koma tsamba silikudwala

Funso apa n'lakuti m'dontho limene mwaika pa tsambalo muli shuga kapena mulibe, ndipo yankho loyenera limasiyana kutengera fangasi. Ma spore a Botrytis cinerea m'madzi okha nthawi zambiri amamera mwaulesi ndipo matenda sagwira bwino pa tsamba lathanzi. Kumunda amapezerapo mwayi pa maluwa ofota, mungu, mabala ndi zipatso zakupsa, pomwe shuga akutuluka. M'labotale amafuna shuga pang'ono m'dontholo, kaya msuzi wosungunula wa PDB, womwe ndi PDA wopanda agar, kapena glucose ndi phosphate. Koma muyeso wake ukhale umodzimodzi pa kuyesa kulikonse, chifukwa shuga wambiri amapatsa fangasi mphamvu zogonjetsera ngakhale mbewu yopirira, mitundu yonse n'kuoneka ngati yofooka.

Magnaporthe oryzae ndi wosiyana kotheratu. Spore yake imamera m'dontho la madzi pa tsamba lolimba ndi loterera, pogwiritsa ntchito kamba amene inanyamula: glycogen, trehalose ndi mafuta. Imapanga kaselo kozungulira kotchedwa appressorium, kamene kamadzaza glycerol wochuluka kwambiri, n'kukoka madzi mpaka mphamvu yokankha kufika 8 MPa, yokwana kuboola khungu la tsamba. Nthawi yonseyi pa tsamba palibe glucose. Fangasi amadalira mafuta, n'kuwadutsitsa m'njira yachidule ya glyoxylate kuti apange shuga wake, ndipo akachotseredwa enzaimu ya isocitrate lyase ya m'njira imeneyi amachedwa kudwalitsa mpunga. Ameneyu mukamuthirira chakudya chambiri m'dontho simukumuthandiza, chifukwa kusowa kwa chakudya ndi chimodzi mwa zimene zimamukankhira ku ntchito yoboola. Tsukani ma spore kuti msuzi wa m'mbale uchoke, ndipo tengani a m'mbale yosakalamba, poti spore yokalamba kamba wake amakhala atachepa.

Mankhwala akuoneka ngati sakugwira

Mankhwala ambiri opopera amapha fangasi pomutsekera njira yomweyi yopezera mphamvu, ndiye kuwayesa m'mbale kumakhudzidwa kwambiri ndi chakudya. Azoxystrobin ndi anzake a m'gulu la strobilurin amatseka mndandanda wa maelekitironi pa malo otchedwa complex III. Koma mafangasi ambiri ali ndi kanjira kozembera, enzaimu ya alternative oxidase, imene imapereka maelekitironi kwa okosijeni mosadutsa pomwe patsekedwapo. Mphamvu imene imapezeka mwanjira imeneyi ndi yochepa, ndipo pa tsamba kawirikawiri siikwana kuti spore imere n'kuboola. Pa PDA, pomwe glucose ali mbwee, imakwana. Fangasi amamera, inu n'kulengeza kuti wayamba kupirira mankhwala, alimi n'kusiya mankhwala abwinobwino.

Pofuna kupewa zimenezi, m'chakudya mumathiridwa SHAM, amene amatseka kanjira kozembera kaja. Muyeso wofala ndi ma microgram 100 pa mililita imodzi, koma SHAM payekha amavulaza mafangasi ena, choncho akhalenso m'mbale zoyerekezera, ndipo ngati akuchepetsa kwambiri kameredwe payekha mutsitse muyeso. Komanso kwa mankhwala a gulu limeneli, kuwerenga ma spore omera n'kodalirika kuposa kuyeza kutambalala kwa timaulusi, chifukwa kumera kwa spore ndi kumene kumafuna mphamvu yambiri nthawi imodzi.

Boscalid ndi anzake amatseka succinate dehydrogenase, enzaimu imene ili m'njira ya Krebs komanso ndi complex II ya mndandanda uja. Pa chakudya chonona cha glucose malire a pakati pa fangasi wofooka ndi wopirira sawoneka bwino, n'chifukwa chake poyesa Botrytis anthu amakonda chakudya cha YBA, chimene kaboni wake wamkulu ndi acetate. Acetate sadutsa mu glycolysis, amalowa molunjika ku njira ya Krebs, ndiye fangasi amakakamizika kudutsa pomwe mankhwala atchera.

Ngati mwaika SHAM, mwawerenga ma spore, mwabwereza ndi fangasi wina amene mukudziwa kuti ndi wofooka n'kuona kuti iye wafa, koma wanuyo akumerabe pa azoxystrobin wambiri, apo ndiye kukayikira kupirira kwenikweni n'koyenera. Chofala kwambiri ndi kusintha kotchedwa G143A, pomwe amino asidi wa nambala 143 mu cytochrome b, puloteni ya mu complex III, amasintha kuchoka ku glycine kukhala alanine, mankhwala n'kulephera kumatirira. Kumeneko kumatsimikizidwa poyeza DNA, ndipo fangasi woti akayezedwe atengedwe ku chubu chosungidwa mu glycerol chija, osati ku mbale imene yasamutsidwa kakhumi.